Mpando wa a Lameki pa Tsiku la Fainolo

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Clara anafika pa bwalo la mpira ku Chifunga atasenza mpando wa malemu agogo ake. Pa chingwe chotchinga chisakasa cha alendo olemekezeka anapezapo a Dickson, pepala lili m'manja, cholembera atachisomeka kukhutu.

Mpandowo unali ndi mbiri yake. Agogo a Lameki anachemerera timu ya kwawo, Mavu a ku Midzemba, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo kulikonse kumene Mavu ankasewera, mpando wa mlombwa wokutidwa ndi chikopa cha mbuziwu unkapita nawo pa njinga. Mavuwo anali mavu a dzina lokha, sankaluma munthu. Akagonja Loweruka, Lamulungu a Lameki ankayambitsa nyimbo za aulendo olema m'chipululu, mawu atasasa, moti mpingo wa ku Midzemba unaloweza nyimbo zimenezo kuposa mipingo yonse ya m'boma la Neno. M'mwezi wa Malichi, ali gone m'chipatala ku Lisungwi, atatha kupemphera ndi mdzukulu wawoyu, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti Mavu akadzafika fainolo, mpando wawo ukakhale kutsogolo, m'mphepete mwa mzere penipeni. Clara analonjeza ndi mtima wopepuka, poti kwa iye Mavu kufika fainolo kunali ngati tambala kuikira dzira. Koma njira za Mulungu angazilondole ndani? Chaka chomwecho tambala anaikira.

A Dickson nawo sanali mlendo kwa Clara. Ankapemphera mpingo umodzi, ndipo oimba belu anali iwowo. Tsiku lina anauzidwa kuti aimbe mpaka abusa atafika. Njinga yamoto ya abusa inafa panjira, ndipo belu linalira mpaka masana.

Anapatsana moni bwinobwino. A Dickson anafunsa za Nathan, mwana wa Clara, ngati chifuwa chija chinasiya. Clara anafunsa za mayi a kunyumba. Kenaka Clara anaponya phazi kuti adutse, koma chingwe sichinakwere.

"Mpandowu ukupita kuti, amake Nathan?"

"Kutsogoloko."

"Ndi wa ndani?"

"Mukuudziwa, a Dickson. Ngakhale mbuzi za ku Midzemba zikuudziwa. Ndi wa agogo."

"Tchulani dzina, ndione papepala."

Clara anatchula. A Dickson anayendetsa chala pamndandanda kuyambira pansi kukwera m'mwamba, n'kukaima pa dzina loyambirira. Komiti inalemba mayina a alendo a fainolo mu Febuluwale, chikho chikungoyamba, ndipo panalibe amene analimba mtima kufufuta dzina la mkuluyo.

"Alipo. Nambala wani."

"Ndiye kwezani chingwe."

"Ndikweza akafika."

"Akafika ndani?"

"Eni dzina."

Anamufotokozera modekha kuti komiti inawapatsa malamulo. Mkati mwa chingwe mumalowa olembedwa papepala okha. Mpando wochokera kunyumba umalowa limodzi ndi mwini wake, chifukwa chaka chatha anthu ankatumiza mipando m'mawa kuti iwagwirire malo, iwo n'kubwera mpira ukutha, akudzandira.

Clara anatsitsa mawu. "A Dickson, agogo anamwalira."

A Dickson anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Pepani kwambiri."

"Mukupepesa ngati mwamva lero. Munalipo. Bokosi munanyamula nawo."

"Ndinagwira kumutu, mbali ya kumanzere."

"Ndiye?"

"Tsiku lijalo ndinali wa mpingo. Lero ndine wa komiti." Analoza kansalu kofiira kamene anamanga pamkono. "Komiti sinandiuze kanthu."

Clara anati ndiye apite akawafunse atcheyamani, sali patali, ndi awo ali ndi chimkuzamawu m'manja. A Dickson anati komiti inawaika pa chingwe, sinawatume kukacheza. Clara anati apita yekha akafunse. A Dickson anati atcheyamani ali mkati mwa chingwe, ndipo mkatimo mumalowa olembedwa papepala okha. Clara anati awaimbire foni. A Dickson anatulutsa foni m'thumba la malaya n'kumuonetsa: inali ya atcheyamani omwewo, anawasungitsa kuti anthu asawavute.

Clara anakonza nkhata pamutu, n'kuyesa njira ina. Anati achibale atagawa katundu wa malemu, amalume anatenga njinga, azakhali anatenga wailesi, ndipo mpando anapatsidwa iyeyo pamaso pa anthu onse.

"Ndiye mpandowu ndi wanu?"

"Ndi wanga."

A Dickson anayendetsa chala papepala, ulendo uno kuyambira m'mwamba kutsika, n'kulitembenuza kuti aone kuseri.

"Clara palibe."

"Chabwino, ndi wa agogo."

"Abwere."

"Ndi wathu tonse awiri."

"Theka lanu likhala kunja. Theka lawo lidikire eni ake."

Wezulo inalira. Mavu anayamba kulimbana ndi Mabingu a ku Lisungwi, ndipo khamu lonse linatembenukira ku bwalo kupatula anthu awiriwa. Clara sanaonerepo mpira mpaka kutha chibadwire. Sankadziwa ngakhale kuti Mavu ndi ovala zachikasu kapena zobiriwira. Chimene ankadziwa n'chakuti analonjeza munthu ali pafupi kutsirizika, ndipo lonjezo lotero Kumwamba kumalimva. A Dickson anamuuza kuti atule mpandowo pansi apumitse khosi. Iye anakana. Miyendo ya mpando umenewo ikagunda dothi, igunde la kumzere, osati la kunja kuno.

Ataona kuti zolimbana sizikuthandiza, anayesa zofewa. Analankhula ndi mawu aja amene azimayi amalankhulira pa siwa.

"A Dickson, inu ndi ine ndife Akhristu. Agogo ali pano. Tsiku ngati la lero sangalephere. Ali nafe mu mzimu."

A Dickson anavula chipewa. Anayang'ana kumanja kwa Clara, n'kuyang'ananso kumanzere.

"Mbali iti?"

Clara sanayembekezere funso limenelo. Koma munthu ukayamba kuwoloka mtsinje subwerera pakati. Mulungu amukhululukire, analoza ndi mlomo kumanzere.

A Dickson anawomba m'manja mwaulemu, atawerama pang'ono. "Takulandirani, madala. Mwayenda bwanji?" Anadikira kanthawi ngati akumva yankho, n'kugwedeza mutu. Kenaka anakweza chingwe m'mwamba kwambiri, poti a Lameki anali aatali, ndipo anachigwira choncho nthawi yokwanira nkhalamba ya bondo lovuta kudutsa. Clara atangoponya phazi, chingwe chinatsika n'kumugunda pamimba. A Dickson anasolola cholembera kukhutu n'kuchonga nambala wani.

"Alowa."

"Nanga mpando?"

"Alowa chimanjamanja. Sindinawaone atanyamula kanthu."

"Mwini wake ali mkati. Mpando ulowe."

"Lamulo likuti ulowe limodzi ndi mwini wake. Silikuti uziwatsatira pambuyo ngati kamwana ka mbuzi."

"Ndiye titani?"

"Atuluke adzautenge."

Clara anayang'ana m'chisakasa muja. Pa mzere wachiwiri panakhala amayi busa, akudzikupiza ndi kabuku. Mzimayi wa kwaya kuitana womwalira ndi dzina dzuwa likuwala, amayi busa ali pomwepo, sabata yamawa akanapezeka pa bwalo la mpingo. Anakumbukiranso mfumu ija ya m'Malemba imene inapita kukadzutsa mneneri wakufa, ndi zimene zinaichitikira mawa lake. Koma khosi linali litayamba kuwawa ndi mpando uja. Anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje n'kunong'oneza.

"Agogo, tabwerani kaye."

"Kwezani mawu. Khutu lawo lakumanja linali lovuta."

"Agogo."

"Kuli ng'oma uko, sakumva."

Clara anakoka mpweya kuti aitane ndi mawu ake a kwaya, zivute zitani. Koma a Dickson anakweza dzanja mwadzidzidzi, nkhope itasintha. Anali atakumbukira lamulo lachitatu: wotuluka salowanso.

"Musawaitane, amake Nathan. Akatuluka ndiye basi, aonerera kunja."

Clara anatseka maso n'kupempha chipatso chija cha Mzimu chimene chimatchedwa kuleza mtima, kuti chipse msanga.

Pamenepo a Dickson nawo anayamba kuvutika mumtima. Anati pali chinthu chikuwasowetsa mtendere. Ku manda kuja abusa ananena momveka kuti a Lameki apita kukapuma m'nyumba ya Atate, ndipo iwo anavomera kuti ameni. Tsopano awachonga kuti ali ku Chifunga. Ngati ali muno, kumwambako aliko ndani? Kapena abusa ananama, kapena pepala likunama, ndipo iwo safuna kukhala mboni ya bodza la wina aliyense.

Clara anayankha monga anaphunzirira ku kalasi, kuti otsogola onse amatizinga ngati khamu la mboni, kuyang'ana mmene tikuthamangira mpikisano wathu.

"Amayang'ana ali kumwamba?"

"Ali kumwamba."

"Ndiye akuona bwino kuposa atcheyamani. Mpando ndi wachiyani?"

"Ndiye fufutani pomwe mwachongapo, tiyambirenso."

"Ndi inki." Anayang'ana malo opanda munthu kutsogolo kwa chisakasa, n'kupukusa mutu. "Ali mkati basi. Ndipo angoima."

Mwadzidzidzi bwalo lonse linaphulika. Fumbi linati koboo, nthungululu zinamveka, anthu anathamangira mkati mwa bwalo oimbira mpira akuwathamangitsa. Clara anafunsa ngati kwagwa ndewu. A Dickson sanatembenuke, poti komiti inawauza kuti aziyang'ana kunja, koma phazi lawo limodzi linkavina lokha.

"Ng'oma imeneyo ndi yathu. Mavu amwetsa."

"Ndiye kuti zili bwino?"

"Chimodzi kwa duu. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, amake Nathan. Sindinaonepo zimenezi."

"Ngakhale panopa simukuona."

"Ndikumva."

Chigawo choyamba chitatha, panafika bambo wina wa ku Lisungwi, fungo la kachasu lili patsogolo, mpini wa khasu uli m'manja. A Dickson anamufunsa ntchito ya mpiniwo pamalo opanda munda. Bamboyo sanabise, anati akufuna akaonane ndi oimbira mpira. A Dickson anamulanda mpini uja, anamanga chingwe pa chikhomo, n'kuyenda mapazi khumi kukauponya pa mulu wa zolandidwa. Pa muluwo panali mabotolo, malegeni ndi chibonga chimodzi. Clara anatsatira ndi maso. Zolandidwazo ankaziika kutsogolo kwa alendo onse, kuti wapolisi aziziona, m'mphepete mwa mzere penipeni.

A Dickson atabwerera, anapeza Clara akumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Landani mpandowu."

"Ndimalanda zida."

"Ndi mtengo, ngati mpini uja."

"Mpini uja mwini wake amafuna kumenya nawo munthu. Ndamufunsa, wavomera."

"Inenso ndikufuna kukumenyani nawo."

Anagwira miyendo iwiri ya mpando n'kuupendeketsa pang'ono, mosamala, ngati wopungula madzi mu ndowa. A Dickson anamuyang'ana m'maso monga ankayang'anira ana akuba mango a kutchalitchi.

"Amake Nathan, inu mumaimba kwaya. Mawa muvala zoyera. Mukufunadi kundimenya?"

Clara anawongola mpando pamutu. Anali atanama kale kamodzi ndi mlomo uja woloza kumanzere, ndipo chikumbumtima chinali chisanasiye kumuluma.

"Ayi."

"Ndiye ndi mpando."

Wezulo ya chigawo chachiwiri inalira. Clara anaima pomwepo n'kuyamba kusakasaka mkwiyo mumtima mwake, ngati mayi wosaka singano m'nyumba ya mdima. Anayesa kukumbukira choipa chilichonse chimene a Dickson anamuchitirapo. Zimene zinkabwera n'zakuti pa maliro a agogo anabweretsa nkhuni ngolo yathunthu, ndiponso kuti Nathan atadwala malungo anamunyamula pa njinga mpaka ku chipatala osapuma panjira. Anadandaula mokweza kuti munthu wabwino ndi wovuta kumumenya.

A Dickson anamva chisoni, n'kuyesa kuthandiza. Anamukumbutsa kuti dzana mbuzi zawo zinalowa m'munda mwake n'kudya nandolo mizere isanu ndi umodzi.

"Ndinakhululuka kale."

"Munafulumira."

Anamukumbutsanso kuti pa ukwati wake anaimba belu mochedwa, mkwati n'kuima padzuwa. Clara anati tsiku limenelo anali wokondwa, sanazindikire n'komwe. A Dickson anati nanga tsiku lija iwo anauza akwaya kuti mawu ake amapitirira anzake? Clara anati zinali zoona, ndipo anakonza.

"Ndiye ndithu palibe chida pano," anatero a Dickson mokhumudwa.

Dzuwa linapendeka. Mithunzi ya anthu inayamba kutalika pa bwalo. Clara ankamva ngati wina wakhoma msomali pakati pa mapewa ake, ndipo thukuta linkalowa m'maso. Anafunsa kuti mpira umatha nthawi yanji. A Dickson anayang'ana wotchi n'kunena kuti kwatsala mphindi makumi awiri. Misozi inalengeza m'maso mwa Clara. Mavu akanadzafikanso fainolo patatha zaka zina makumi atatu, iye ali nkhalamba yosatha kusenza ngakhale lichero.

A Dickson anayang'ananso malo aja kutsogolo kwa chisakasa. Kenaka anayamba kulankhula ngati akudzilankhulira okha. Anati pali chinthu chimene akhala akuchiona chaka chino. Mu Febuluwale Mavu anasewera kawiri a Lameki alipo, n'kugonja kawiri konse. Kuyambira mu Malichi asewera kasanu ndi kanayi, osagonjapo.

"Mukutanthauza chiyani?"

"Sindikutanthauza kanthu. Ndikungonena mmene zayendera."

Anapitiriza kuti goloboyi wa Mavu anawauza yekha kuti masiku ano amauona bwino mpira, chifukwa kale ankati akamva a Lameki akukuwa kuti adumphire kumanja, ankadumpha mwaulemu, mpira n'kulowa kumanzere. Omwetsa zigoli nawo akuti tsopano amamenya okha penate, kale ankadikira malangizo ochokera pa mpando.

Clara anamva kutentha kwina, kosachokera ku dzuwa, kukukwera kuchokera m'mimba.

"A Dickson, samalani."

"Ndipo ena kumpingo akuti a Lameki anapempherera Mavu zaka makumi atatu ndi chimodzi kuti adzapambane, ndipo Ambuye ndi okhulupirika, anayankha."

"Zimenezo ndiye zoona."

"Akuti anayamba ndi kuchotsa chopinga."

Clara sanadziwe mmene mpando unachokera pamutu. Anangozindikira uli m'mwamba, m'manja mwake monse muwiri, nkhata itagwa pansi, chitenje chitamasuka mbali imodzi. Munthu amene ankamugulira zitumbuwa pobwera ku mpira ngakhale timu itagonja zisanu, amene anamuphunzitsa pemphero loyamba atamukhazika pa chikopa chomwechi, lero akutchedwa chopinga ndi woimba belu.

A Dickson anavula chipewa, dazi linawala. Anasolola cholembera.

"Tsopano mukufuna kundimenya?"

"Ndikufuna."

"Ndi mtima wonse?"

"Ndi mtima wanga wonse, ndi moyo wanga wonse, ndi mphamvu zanga zonse."

"Pati?"

"Pa dazipo."

"Ndalanda."

Anaulandira mpandowo ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero. Anamanga chingwe pa chikhomo, n'kuyenda mapazi khumi aja. Anakankhira pambali mpini, mabotolo ndi malegeni, anaimika mpando m'mphepete mwa mzere, anaugwedeza kuti aone ngati wakhazikika, n'kupukuta chikopa ndi chipewa chawo. Kenaka anawerama, ndipo Clara anamva mawu awo ngakhale kunali phokoso.

"Khalani pansi, madala. Mwaima kuyambira chigawo choyamba, ndi bondo lanulo."

Clara anauyang'ana mpandowo uli pamalo pake, pakati pa chikopa pali polowa pamene thupi la agogo linakumba m'zaka zonsezo, mwendo umodzi uli womanga ndi waya chifukwa anaumenya theche tsiku lina Mavu ataphonya penate. Analira pang'ono, kulira kopepuka. Khosi linasiya kuwawa. Anati mumtima, Ambuye, mwaona nokha, ndafikitsa.

A Dickson atabwerera pa chingwe, Clara anagwada pang'ono n'kupepesa. Anati Mawu amanena kuti wokwiyira mbale wake ali kale ndi mlandu, ndipo iye sanangokwiya, anasankha ndi malo omenya omwe.

"Monga wa mpingo, ndakhululuka," anatero a Dickson. "Monga wa komiti, wokweza chida amachotsedwa pa bwalo."

Clara sanatsutse. Anatola nkhata yake, anamanga bwino chitenje, n'kupita kukakhala pa muzu wa mtengo wa bwemba, kuseri kwa khamu, kumene mpira sunkaoneka n'komwe. Anavula nsapato n'kutambasula miyendo, akuimba chamumtima nyimbo yoyamika.

Sipanapite nthawi, bwalo linaphulikanso. Clara anatchera khutu. Ng'oma yake inali ina, yolira mokhuthala. Asanamalize ndime yachiwiri ya nyimbo yake, ng'oma yomweyo inaliranso, ndipo ulendo uno a ku Lisungwi anathamanga mozungulira bwalo akuvula malaya.

Kenaka anaona chinthu chimene sanachionepo: a Dickson atasiya chingwe chopanda mlonda, akuthamanga, chipewa chili m'manja, kansalu kofiira katatsikira pa chigongono. Anafika pa bwembapo akupuma mwawefuwefu. Anati chikhalireni mpando uja pa mzere, Mabingu amwetsa ziwiri. Goloboyi wayambanso kucheukira kumpando asanadumphe. Anthu a ku Midzemba onse akuloza mpandowo, ndipo atcheyamani alamula pa chimkuzamawu kuti chida chimenecho chibwezedwe kwa amene anachibweretsa, msangamsanga, kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

"Ine ndinachotsedwa pa bwalo," anatero Clara.

"Komiti yakhululuka."

"Dzina langa palibe papepala."

"Ndalemba. Onani, nambala sikisite. Ndi inki." Anamutambasulira pepala lija. "Amake Nathan, chonde. Zaka makumi asanu ndi zinayi. Tiyeni mukatenge mpando wanu."

Clara anasuzumira pakati pa miyendo ya anthu. Mpando unali pomwe paja, utayang'ana ku bwalo, Mavu akuthamangathamanga patsogolo pake ngati nkhuku zoona kabawi. Anatsamira bwino pa tsinde la bwemba n'kupinda manja.

"Pakhala munthu pamenepo, a Dickson. Mwawakhazika ndinu. Kawauzeni nokha kuti adzuke."